Munda wa amayi si wogulitsa mobisa

Abale anga a kum'mawa kuno, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Kumudzi kwathu ku Katete mayi ena adatisiya mwezi watha. Maliro atangotha, mwana wawo wamwamuna wa ku Lusaka wafika ndi munthu woti agule munda, alongo ake awiri osadziwa kanthu. Komatu alongowo ndi amene amalima chimanga ndi nshawa pamundapo. Ndi amene ankasambitsa mayiwo, kuwamwetsa phala ndi supuni manja atafooka. Iye ankangotumiza kandalama pafoni nthawi ya Khirisimasi.

Kwa ife Achewa, mwamuna ndi mwini mbumba: amateteza alongo ake ndi ana awo, amakhala nkhoswe pa ukwati, amawayankhulira pabwalo la amfumu. Munda umatsata mbali ya amayi. Ngakhale lamulo la Zambia la 1989 logawa chuma cha masiye silikhudza malo a mafumu, ndiye mwana wamwamuna uja asanamize alongo ake kuti boma lamulola.

Anyakwawa akana kuvomereza, ndipo ndawathokoza kwambiri. Alongowo ayamba kale kusosa poti mvula yayandikira. Loweruka ndikupita ndi anyamata anga kukawathandiza.