Mbewa za mu labu sizidwala hepatitis B

Abale anga a kuno ku Joni, dzulo pa Bree taxi rank ndakumana ndi mwana wa kwathu amene akuphunzira pa Wits, ndiye pocheza wandiuza zomwe zandizunguza mutu mpaka pano. Ati kachilombo ka hepatitis B, matenda a chiwindi aja, ndi kosankha heve, kamagwira munthu ndi chimpanzi, mbewa ayi ndithu olo uibaye jekeseni kangati. Ine ndaseka, ndati mbewa zomwezi timagula zowamba pa msewu wa ku Dedza?? Ati eya zomwezo, a mu labu amachita kutenga mbewa yopanda chitetezo cha mthupi nkuyika maselo a chiwindi cha munthu mkati mwake kuti kachilomboko kapeze pokhala, ndipo mbewa imodzi yotero imadula zedi.

Kale ankayesera pa ma chimpanzi koma America inasiya mu 2015. Ena amagwiritsa abakha, poti bakha ali ndi kachilombo kake kofananako.

Chomwe chandisangalatsa ndi cha 2012, asayansi a ku Beijing anapeza khomo lomwe kachilomboka kamalowera mu chiwindi, amalitchula NTCP, ndiye pano amangoliyika pa maselo a chiwindi cha munthu otchedwa HepG2 m'kambale ka pulasitiki nkumaonerera matenda akuyamba.

Koma mankhwala ochiziratu kulibe mpaka lero, tenofovir amangokapondereza chifukwa kamabisa DNA yake mkati mwenimweni mwa selo. Ine Lolemba ndikukayezetsa magazi, poti katemera wake wa makanda ku Malawi anayamba 2002 ine ndili kale sitandade 4.