Mwezi wachisanu ndi chitatu: Bingo ndi Mwera ameza piritsi lawo

Lero pa 1 Malichi agalu onse awiri alandira mankhwala oteteza ku nyongolotsi za mumtima, ndipo ndachonga kale pa kalendala ya kukhitchini. Tinayamba mu Ogasiti.

Ndinayamba ndi kuwayeza, monga mwa nthawi zonse. Sikelo yake ndi yomweyi yokolekera chimanga, ndimaimangirira pa nthambi ya mango n'kumulowetsa galu mu saka, mutu wokha kunja. Bingo adazolowera, amangondiyang'ana phee. Wakwana makilogalamu 19, ngati mwezi watha. Mwera ndiye anapalasa mpaka saka linang'ambika pansi, koma ndinaona muvi utaima pa 13. Ndiye kuti wachoka pa mapiritsi a tiagalu tosapitirira makilogalamu 11, tsopano akumwa ofanana ndi a Bingo. Mwayi ndinagulirapo ochuluka ulendo watha wa ku Lilongwe.

Mwera amatafuna piritsi ngati nyama. Bingo ndi wochenjera: ndikalibisa mu mbamu ya nsima, nsima amameza, piritsi n'kulilavulira pambali pa mbale lili lonyowa. Lero ndaliphwanya pakati, ndalikulunga ndi usipa wophika, ndipo ndakhala naye pakhonde mpaka ndaona kukhosi kukuyenda.

Wina angafunse kuti bwanji kuvutika chonchi. Bwerani mudzagone kuno mbali ya Lifuwu nthawi ya dzinja, madzi atadzaza m'minda ya mpunga. Udzudzu umayamba kulira dzuwa lisanalowe. Ife timathawira m'masikito, agalu ali panja usiku wonse. Nthendayi imayenda ndi udzudzu womwewo. Ukaluma galu wodwala umayamwa timphutsi tosaoneka ndi maso, timakula m'thupi mwake pafupifupi milungu iwiri, kenako ukaluma galu wina umatisiya mmenemo. Pakatha miyezi 6 kapena 7 timakhala tasanduka nyongolotsi zazikulu, zazikazi zimafika masentimita 30, zitakhazikika mu mtima ndi m'mitsempha yopita ku mapapo, ndipo zimatha kukhalamo zaka 5 mpaka 7. Galu amayamba kukhosomola, kutopa msanga, kuwonda, mimba n'kutupa. Pofika apo zinthu zaipa kale.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti piritsili siliteteza masiku akubwera. Limapha timphutsi talowa m'thupi mwezi wapitawu, tisanakhwime. Likaphonya nthawi imeneyo, totsalato timapitiriza kukula, ndipo nyongolotsi yaikulu silingaichotse. N'chifukwa chake za mu Disembala zimandisowetsabe mtendere. Tinali ku maliro ku Dedza, pobwerera mpamene ndinakumbukira, ndipo anamwa pa 19 m'malo mwa pa 1. Adokotala a ziweto anati ndipitirize mwezi ndi mwezi osadumphanso, koma tidzayeze magazi pakatha miyezi 6, popeza kuyeza lero sikungaonetse kanthu. Ndalemba Juni m'kabuku. Bingo anayezedwaponso tisanayambe, chifukwa galu wamkulu sumangomuyambitsa mankhwalawa usanadziwe zimene zili m'magazi mwake. Mwera anayamba ali ndi milungu 8.

Sabata yatha kunabwera aneba oweta ng'ombe, botolo la ivermectin, mankhwala a nyongolotsi obaya ng'ombe, lili m'manja.

"Achimwene, mukutayiranji ndalama? Mankhwala ake ndi omwewa. Tingomubaya pang'ono basi."

"Zikomo bambo, koma pang'ono pa ng'ombe si pang'ono pa galu."

Sananame, dzina la mankhwala ndi limodzi. Koma popewa nthendayi galu amangofunika mamaikulogalamu 6 pa kilogalamu iliyonse, pamene mililita imodzi ya m'botolo lawolo ili ndi mamiligalamu 10, omwe ndi mamaikulogalamu 10,000. Kwa Bingo ndiye kuti mililita imodziyo ndi mlingo wake kuuchulukitsa pafupifupi ka 90. Galu akapyola muyeso amatuluka dovu, amadzandira, ena amachita khungu, ndipo a mtundu wa Collie ndiye sachedwa n'komwe. Ndinawawerengera papepala, anagwedeza mutu n'kubweza botolo m'thumba. Nawonso ali ndi agalu atatu, ndipo ndawauza kuti mu Juni tidzapitire limodzi kokayezetsa.

Khola latsopano la agalu lafika pa denga, kwatsala sefa wa m'mazenera. Matayala akale aja amasunga madzi kuseri kwa bafa ndawachotsa. Piritsi lotsatira ndi pa 1 Epulo, ndipo ndatchera alamu pa foni yanga ndi ya mayi a kunyumba.