Masabata 59 a "Heat Waves"

Ine ndimaimba ng'oma m'kagulu kathu kakang'ono, ndiye ndikayamba kukonda gulu loimba, ndimathamangira kufufuza za amene amakhala kumbuyo ndi timitengo. Ku Glass Animals, anyamata anayi a ku Oxford ku England, wa ng'oma ndi Joe Seaward. Mu Julayi 2018 anagundidwa ndi lole akupalasa njinga mumzinda wa Dublin. Anathyoka mwendo, chigaza chinang'aluka, ubongo nawo unavulala, moti anachita kuphunziranso kuyenda ndi kuyankhula. Anzake anaimitsa zoimbaimba zonse zimene zinatsala chaka chimenecho n'kumudikira.

Atachira n'kubwerera pampando wake, gululo likukonzeka kutulutsa chimbale cha Dreamland, kunagwa mliri wa Covid-19. Nyimbo ya "Heat Waves" inatuluka pa 29 Juni 2020, malo oimbira onse ali otseka, anthu atabindikira m'nyumba. Kanema wake amandikhudza kuposa makanema ambiri odula. Dave Bayley, amene amatsogolera nyimbo, akuyenda yekhayekha m'misewu ya zii ya ku Hackney ku London, akukoka kangolo kodzaza mawailesi akanema. Omujambula ndi anthu a m'dera lakelo, aliyense ndi foni yake pawindo. Kumapeto amafika m'holo yopanda anthu, n'kusanja mawailesiwo pansanja, anzake atatu aja n'kumaonekera m'menemo akuimba.

Nyimboyo inayamba mozizira. Oyamba kuinyamula anali a ku Australia: mu Januwale 2021 omvera wailesi ya Triple J anaivotera kukhala nyimbo yopambana ya 2020. Mwezi womwewo inalowa pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo 100 zotchuka ku America, koma kumunsi ndithu. Mndandandawu amauwerengera sabata ndi sabata pophatikiza zinthu zitatu: kuchuluka kwa oimvera pa intaneti, kuseweredwa kwake pamawailesi, ndi oigula. "Heat Waves" inkapeza zimenezi pang'onopang'ono. Achinyamata a pa TikTok anayamba kuiika pa timakanema tawo tosonyeza anthu amene akuwasowa, mawailesi a ku America n'kudzatsatira pambuyo.

Inafika pa nambala wani mu Marichi 2022, m'sabata yake ya 59 pamndandandawo. Panali pasanakhalepo nyimbo yokwera mochedwa chonchi. Imene inali ndi mbiri imeneyi, ya Khirisimasi ya Mariah Carey, inatenga masabata 35. Apa n'kuti nyimboyo ili ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu chitulukireni. Inakhala pamwamba masabata asanu, kenako Harry Styles n'kuitsitsa.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti masiku ano oimba akuluakulu amafikira pa nambala wani sabata yoyamba, chifukwa owakonda amagwirizana kugula tsiku limodzi, ndiye pakatha mwezi nyimbo ija osamvekanso. Iyi inadutsira m'makutu a anthu, wina kuuza mnzake. Komanso Bayley anaipeka ndi kuikonza mu situdiyo yekha, pamene nyimbo zambiri zotchuka zimakhala ndi olemba anayi kapena asanu.

Mnzanga wa gitala amatsutsa zoti imeneyi ndi rock. Amati kagundidwe kake ndi ka hip hop, ndipo mawu a koyambirira aja anawatsitsa pakompyuta mpaka kumveka ngati munthu akuyankhulira m'madzi. Sindimukanira. Koma tamverani kagitala kamene kamanjenjemera pansi pa mawuwo, ndi mmene ng'oma imadzigwirira osathamanga ngakhale kolasi itafika. Tinayesapo kuiimba ku pulakatisi: manja amafuna kuwonjezera, koma ukangowonjezera, chisoni cha nyimboyo chimathawa. Ndi nyimbo ya munthu amene akusowa mnzake usiku wa nyengo yotentha, ndipo sifuna phokoso.

Pofika Okutobala 2022 inali itakwanitsa masabata 91 pa Hot 100, kuposa nyimbo ina iliyonse pa nthawiyo. "Blinding Lights" ya The Weeknd inathera pa 90. Billboard inaitchula nyimbo yopambana ya chaka chonse cha 2022. Chimandiwawa n'chakuti kwawo ku Britain inangolekezera pa nambala 5. Anyamata a ku Oxford kulandiridwa ku Australia ndi ku America, kwawo osawapatsako ngakhale sabata imodzi pamwamba, zimenezo ine sindigwirizana nazo mpaka lero.