Ampu yanga tsopano imangoimbira ine

Kwa zaka zambiri, munthu akandiuza kuti mawu a gitala yanga apite ku mikisa, chida chosakanizira mawu onse asanapite ku masipika akulu, osadutsa pa maiki, ndinkamuyang'ana ngati wandiuza kuti ndidye nsima ndi supuni. Ine ndinakulira pa ampu, bokosi lokuza mawu a gitala lokhala ndi sipika yakeyake. Yangayi ndi ya mawati 50, sipika imodzi ya mainchesi 12, ndipo ndinaigula kwa mkulu wina ku Limbe ataitopa nayo. Nsalu yake yakutsogolo inang'ambika pakona tsiku lomwe inagunda chitseko cha minibasi pa Thondwe, chogwirira ndinachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Koma ikati ilire, imalira.

Kachitidwe kanga kanali kamodzi: ampu pansi kumbuyo kwanga, maiki patsogolo pa sipika, basi. Anzathu akunja pamenepa amakonda kuikapo Shure SM57, maiki yomwe yakhala ikupangidwa kuyambira 1965. Ife timaikapo yomwe yatsala. Ndiye vuto lake ndi lomwelo, nthawi zambiri sipatsala kanthu. Pa ukwati mumapeza maiki zinayi. Zitatu atenga oimba, yachinayi ili m'manja mwa mkulu wa perekaniperekani, ndipo ameneyo simungamulande ngakhale mutagwada. Wa gitala amangouzidwa kuti akweze ampu. Ukakweza, ankhoswe amene akhala kutsogolo ayamba kukuyang'ana ndi diso lofiira, pomwe akumbuyo akungoona zala zikuyenda popanda chomveka.

Chinandisintha maganizo ndi manyazi. Loweruka lina tinkaimba pa ukwati mu holo ina cha ku Matawale. Mnyamata wa pa mikisa anabwera ndi chingwe chachitali m'manja.

"Akulu, maiki yanu palibe. Kumbuyo kwa ampuko kulibe potulutsira?"

Ndinaitembenuza, ndikuona mabowo awiri. Zolemba zake zinali zitafufutika ndi fumbi. Ndinaloza limodzi mwachidaliro ngati ndine ndinaipanga ampuyo. Iye analowetsa, nkubwerera kumpando wake. Nditangokhudza nsambo, masipika akulu anakuwa kamodzi ngati mbuzi yopondedwa, kanyali kofiira kanayaka, kenako zii. Kafungo ka waya wopsa kanafika mpaka pomwe ndinaima. Tchanelo chimodzi cha mikisa, polowera pomwe analumikiza chingwecho, chinafera pomwepo, akwati asanalowe nkomwe. Ndalama ya tsikulo sinafike kunyumba, ndipo mayi a kunyumba anafunsa funso limodzi lokha, lomwe sindilemba pano.

Lolemba tinanyamula mikisa ija pa kabaza kupita kwa bambo wina wokonza mawailesi pafupi ndi msika. Anaitsegula, nkupempha kuti aonenso ampu. Anapukuta kumbuyo kuja ndi chala chonyowa, zolemba nkuonekera.

"Achimwene, bowo munalozali ndi la sipika yoonjezera. Munathira madzi a mu mgolo m'kapu ya tiyi."

Anandiwerengera pa chikatoni. Ampu ya mawati 50 ikamakankha sipika ya ma ohm 8 imatha kutulutsa mavoti 20. Polowera pa mikisa pamayembekezera voti imodzi ndi pang'ono ngati ndi pa line, polowera mawu amphamvu kale, ndipo ngati ndi pa maiki ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka voti. Bowo lachiwiri, lomwe sindinaliloze, linali lolembedwa kuti line out. Limenelo limatenga mawu asanafike ku gawo lokankha sipika, ndipo ndi lomwe linaikidwira ntchito imeneyi. Ndinakhala ndi ampuyo zaka zonsezi osadziwa. Anandichenjezanso kuti ndikadzabwereka ampu ya mavavu, zakale zoyaka ngati mababu mkati zija, ndisadzayerekeze kuzula sipika ili yoyatsa, chifukwa transifoma yake imapsa ikasowa kokankhira. Yanga ndi ya matranzisita, ilibe matenda amenewo.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ayi ndithu. Titayesa line out ndi chingwe chachitali cha jaki, chija wamba cha gitala, masipika anayamba kung'ung'udza, mmmm wosalekeza, ngakhale gitala nditaitsitsa mpaka pansi. Kung'ung'udza kumeneko ndi kwa magetsi athu omwe, amene amayenda pa ma hertz 50, kutanthauza kuti amagwedezeka ka 50 pa sekondi. Ampu ikakhala pa soketi ya kutsogolo, mikisa pa soketi ina kumbuyo kwa holo, kenako muzilumikize ndi chingwe, mawaya a ethi, aja oteteza munthu ku shoko, amapanga njira yozungulira ndipo phokoso limayenda mmenemo. Chingwe cha jaki nachonso chikatalika chimatola zinyalala zonse za m'njira.

Apa ndi pomwe kabokosi ka DI kanalowa m'moyo wanga. Ndi kachitsulo kokwana m'dzanja. Mbali ina mumalowetsa jaki, mbali ina mumatuluka XLR, chingwe cha maiki cha mano atatu chija. Mwa mano atatuwo, awiri amanyamula mawu omwewo koma motembenuzana, kotero phokoso lomwe latoledwa panjira likafika ku mikisa limadzifafaniza lokha. Ndi chifukwa chake chingwe cha maiki chimatha kudutsa holo yonse chili phee. Pa kabokosipo palinso kaswitchi kolembedwa ground lift, kamene kamadula njira yozungulira ija. Tsiku loyamba kukadina, kung'ung'udza kunangoti zii, ine ndi mnyamata uja tinayang'anana nkuyamba kuseka ngati ana.

Kabokosi kanga ndi kosafuna batire, kali ndi katransifoma mkati. Alipo ma DI ena ofuna mavoti 48 ochokera ku mikisa kapena batire ya mavoti 9, ndipo amenewo ndi abwino ngati mukulowetsa gitala yeniyeniyo popanda ampu pakati. Koma mawu ochokera pa line out ndi amphamvu kale, ndipo ine sindifuna chinthu china choti ndizikumbukira kugulira batire Loweruka m'mawa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimakangana nacho ndi anzanga. Ena akamva kung'ung'udza amathyola dzino lachitatu la pulagi, ena amangosomeka mawaya awiri mu soketi ndi kamtengo ka machesi. Phokoso limatha, inde. Koma nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu. Mkati mwa ampu mukalakwika kanthu ethi palibe, njira yotsala ya mavoti 230 ndi zala zanu ndi milomo yanu pa maiki. Ganizirani za Januwale kuno ku Zomba, mvula ikutsika m'phirimo, inu muli mu tenti pa udzu wonyowa, jenereta ikulira kuseri. Kaswitchi ka pa DI kamadula ethi ya chingwe cha mawu chokha, ya magetsi imakhala ilipobe.

Tsopano kunena zoona, mawu ake si ofanana ndi a pa maiki. Pa nyimbo za kutchalitchi, pa rumba, pa lidi yoyera yothamanga ija imene anthu amavinira akamaponya ndalama, line out imamveka bwino, mwina kuposa kale, nsambo iliyonse payokha. Koma nditaponda koyamba pedulo ya distortion, kabokosi kapansi kokhakhalitsa mawu a gitala, zinamveka ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Sipika ya gitala simatulutsa mawu okwera kupitirira ma hertz pafupifupi 5,000, ndiye imameza zokanda m'khutu zonsezo tisanazimve. Masipika a holo ali ndi matwita, timasipika ta mawu okwera, sabisa kanthu. Kutsitsa batani la mawu okwera pa mikisa kumathandiza pang'ono chabe, chifukwa pa mikisa yambiri yaing'ono batanilo limagwira cha ku ma hertz 12,000, kumwamba kwa pomwe pali njuchizo. Ma ampu atsopano ngati Boss Katana ali ndi choyerekezera sipika, chotsanzira mamvekedwe a sipika ya gitala, pa line out pomwepo. Yanga ndi yachikale, ndiye ndinagula pedulo ya Zoom yakaunjika yomwe ili ndi choyerekezeracho. Ikayaka njuchi zimachepa, ngakhale khutu langa limadziwabe kuti si mphepo yeniyeni yochokera m'sipika. Pakapezeka maiki yotsala, pa nyimbo zoterozo ndimaitengabe.

Chimene sindinachizolowere mpaka pano ndi chakuti ukulu wa mawu anga uli m'manja mwa munthu wina. Pa ampu yangayi, ndikakweza voliyumu, line out nayo imakwera. Ndiye ndikatengeka pakati pa nyimbo nkupotoza batani, kumbuyo kuja mnyamata amadzuka nkutambasula manja. Tinapangana: tikayesa zida ndiika batani pa 4, ndipo sindilikhudzanso. Ampu ndimaisanjika pa kileti ya zakumwa, chopendekera kumaso kwanga, kuti ndizidzimva ndekha osavutitsa ankhoswe. Ndikafuna kukwera ndimamuyang'ana nkukweza chibwano. Nthawi zina amandiona. Nthawi zina amakhala ali pa foni.

Bowo la sipika lija ndinalimata ndi tepi yofiira, mizere iwiri yopingasa. Mwezi watha ku Chinamwali mnyamata wina wachilendo anagwada kuseri kwa ampu ndi chingwe chake, ndinamuona akuyamba kukanda tepiyo ndi chikhadabo. Ndinasiya kuchuna gitala nkumugwira dzanja.

"Linalo, achimwene. La kumanzereko."