Kachubu ka kuseri kwa khutu

Mutu wa mwana wanga unayamba kukula mopitirira ali ndi miyezi 4. Liwombo linali lotupa ngakhale akagona phee, maso nʼkumangoyangʼana pansi. Anamuyeza mutu ndi tepi, nʼkumuunika ndi ultrasound paliwombo pomwepo. Adokotala anati madzi a muubongo sakuyenda bwino, matendawo ndi hydrocephalus, ndipo pafunika shunt, kachubu kochotsa madziwo muubongo.

Ndinafunsa ngati panalibe njira ina. Anandiuza za ETV, opaleshoni yoboola kanjira mkati mwa ubongo osasiyamo chubu, koma anati kwa khanda losakwana miyezi 6 imakanika kawirikawiri. Ndinasayina.

Tsiku la opaleshoni chimene chinandipweteka ndi kumumana bere kwa maola angapo asanamugonetse. Anatuluka ndi mabala awiri, lina pamutu, lina pamimba. Kachubuko kamachoka muubongo, kudutsa kunsi kwa khungu pakhosi ndi pachifuwa mpaka mʼmimba, komwe thupi limayamwa madziwo. Mbali ina anaisiya yaitali dala kuti izitambasuka iye akamakula. Kuseri kwa khutu kuli kavalavu kowongolera kayendedwe ka madziwo, kamene kamamveka ukakhudza.

"Mayi, kameneka musamakadine," anatero anamwino. "Chimene muziyangʼana ndi mwanayo."

Anandiwerengera zoopsa. Miyezi yoyambirira ndiyo majeremusi amakonda kulowa: thupi kutentha, bala kutuluka madzi, khungu kufiira motsatira chubu. Kutsekeka kwa chubu ndiye kulibe nyengo, kungabwere patatha zaka.

Kwa ife kunabwera ali ndi zaka 3. Anadzuka akusanza, osatsekula mʼmimba, thupi losatentha, akungogwira mutu nʼkumawodzera masana. Kunena zoona ndinayamba ndaganiza zodikira mawa, poti ana amasanza. Koma tulo take sitinali ta masiku onse, ndinkachita kumugwedeza kuti atsegule maso. Tinathamangira kuchipatala, ndipo pakhomo ndinayamba ndi mawu akuti "ali ndi shunt", zina pambuyo. Sikani ya CT inaonetsa kuti madzi adzadzanso. Anasintha kachubu kakumtunda kokha, mmawa mwake anadzuka akufuna chakudya.

Panopa mʼchikwama mwanga simusowa kapepala kolemba mtundu wa valavu yake. Yake ndi yotheka kusintha mphamvu, ndiye akalowa mu MRI, makina ounika mkati mwa thupi ndi maginito, madokotala amayenera kuionanso, chifukwa maginito amatha kuisuntha. Aphunzitsi ake ndinawalembera zizindikiro zija papepala. Mpira amasewera ndithu, ine ndi amene ndimatseka maso akagwa.