Lipoti la ulendo wa ku Chilumba wokaphunzira kayezedwe ka kusalidwa kwa anthu

Gulu lathu la alangizi a zaumoyo ndi mamembala a makomiti a zaumoyo a m'midzi ya ku Mchinji linapita ku Chilumba, m'boma la Karonga, kukaona momwe ofufuza amayezera kusalidwa kwa anthu. Tinadzera msewu wa M1, kugona ku Mzuzu, ndipo m'mawa mwake tinatsika mapiri a Chiweta mpaka m'mbali mwa nyanja. Tinasankha Chilumba chifukwa kafukufuku wa matenda a khate anayamba kumeneko mu 1979, ndipo kuyambira mu 2002 anthu a m'derali amalembedwa khomo ndi khomo, moti wobadwa, womwalira ndi wosamuka onse amalowa m'kaundula.

Ofufuza amene anatilandira anayamba ndi kusiyanitsa umphawi ndi kusalidwa. Munthu akhoza kukhala ndi mbuzi komanso nyumba ya malata, koma akafika pamaliro n'kupatsidwa mbale yakeyake chifukwa cha zala zimene khate linadya. Mafunso ongowerenga katundu wa pakhomo angamuike munthu wotere m'gulu la opeza bwino. Iwo anatikumbutsa kuti akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi bungwe la WHO anafotokoza mu 2008 kuti kusalidwa kumachitika m'mbali zinayi, zomwe ndi chuma, ndale, chikhalidwe ndi maubale a pakati pa anthu, ndipo munthu akhoza kulandiridwa kumbali imodzi koma n'kutsekeredwa kunja kumbali ina.

Tinakhalitsa pa ndandanda ya mafunso 18 yotchedwa Participation Scale, imene inayesedwa koyamba ku Nepal, India ndi Brazil pakati pa anthu amene anadwalapo khate ndi ena aulumali. Ubwino wake ndi wakuti mafunso ambiri amayerekeza munthu ndi mnzake wofanana naye msinkhu ndi moyo, kupatula matendawo. Amafunsidwa ngati amapita ku maukwati ndi kumaliro monga mnzakeyo, komanso ngati maganizo ake amamveka banja likamakambirana. Akayankha kuti ayi, amafunsidwanso ngati kwa iye limenelo ndi vuto, komanso kukula kwa vutolo. Funso lachiwirili ndi limene ndinaliona lanzeru, pakuti agogo ena sapita kumsika chifukwa safuna, pomwe ena sapita chifukwa ogulitsa amakana kulandira ndalama kuchokera m'manja mwawo.

Tsiku lotsatira tinaperekeza wofufuza mmodzi m'mudzi, womasulira akutithandiza pa Chitumbuka. Pakhomo lina bambo anatchula onse a m'banja lawo, koma wofufuzayo sanatseke buku. Anafunsa modekha kuti ndani winanso amene amagona pakhomopo ngakhale sadya ndi enawo, ndipo patapita kanthawi mayi anakaitana mtsikana wodwala khunyu amene ankatong'ola chimanga kuseri kwa khitchini. Wofufuzayo anapempha kulankhula naye pambali, chifukwa yankho loperekedwa pamaso pa achibale kawirikawiri limakhala lakuti zonse zili bwino.

Zimenezi zinadzutsa mtsutso madzulo. Ena anati kalembera wa dziko ndi wokwanira, popeza wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636. Ine ndikuona kuti chiwerengerocho n'chofunika pokonza bajeti ya mafuta oteteza khungu, koma sichitiuza kuti ndi angati mwa iwo amene anasiya sukulu poopa kuyenda okha. Malipoti athu a mwezi ndi mwezi ali ndi vuto lomwelo, chifukwa amawerenga okhawo amene afika kusikelo ndi kuchipatala.

Tisananyamuke tinagwirizana kuti pokonzanso kaundula wa m'midzi yathu tizifunsa za aliyense wogona pakhomo, ndiponso kuti mafunso okhudza maliro, chakudya ndi banki m'khonde tiyambe tawayesa m'mudzi umodzi, titapempha chilolezo kwa mfumu ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma, tisanawafikitse kumidzi ina.