Udzudzu wa mu Blantyre si wamtundu umodzi

Udzudzu wochuluka m'ngalande zonunkha za ku Ndirande nthawi zambiri ndi Culex, ndipo sufalitsa malungo. Woopsa ndi Anopheles, umene ukatera pakhoma umaweramitsa mutu, kumbuyo kuli m'mwamba.

Anopheles arabiensis umaswana m'madzi oyera owala dzuwa: maenje oumbira njerwa, zithaphwi, madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Mudi. Umalumanso panja madzulo, choncho neti yokha siikwanira. Mtundu wina, Anopheles funestus, umakonda madambo audzu osaphwa ngakhale m'chilimwe, ndipo suferanso msanga mankhwala a m'maneti akale. Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Kuti mudziwe udzudzu umene ukuswana m'dzenje la madzi, tungani madziwo m'mbale yoyera. Mphutsi zikagona chopingasa pamwamba pa madzi, ndi Anopheles. Za Culex zimalendewera chozondoka. Kwirirani dzenjelo msanga, chifukwa m'masabata 2 zimakhala zauluka.